Build isaweruzidwe ndi nambala ya tsiku lomaliza

Sizoni ikamapita kumapeto m'magemu monga Path of Exile, Diablo IV ndi Last Epoch, osewera amayambanso mkangano uja wa nthawi zonse, wofuna kudziwa kuti build (kamangidwe ka wankhondo amene mukusewera naye) imene inali yabwino ndi iti. Gulu lina limayankha ndi mndandanda. Limaika ma build m'magulu, S pamwamba, kenako A, B mpaka pansi pomwe pali amene akuti ndi ongotayitsa nthawi, ndipo muyeso wake ndi umodzi basi: ndi iti imene inamenya kwambiri kapena inakwera patali kwambiri sizoni isanatsekedwe. Gulu lina likuti muyeso umenewo ndi woperewera chifukwa umangoona pamene build inathera n'kuiwala njira imene inadzera. Ine ndili ku gulu lachiwirili. Build iyenera kuweruzidwa ndi zimene inachita kuyambira pa levulo 1, mwini wake ali chimanjamanja, mpaka tsiku limene anaisiya. Ndemanga imene sinena kuti build inadya maola angati, inadya ndalama za m'gemu zochuluka bwanji, ndiponso inafa kangati isanafike pachimake, yasiya zimene wowerenga amafunikira kuti asankhe chosewera.

Choyamba tigwirizane pa chinthu chimene tikuweruza. Build ndi kaphatikizidwe ka zinthu zinayi: mtundu wa wankhondo amene mwasankha, skill (luso) imene mumamenyera, mfundo zimene mwaika pa mtengo wa ma passive (chithunzi cha nthambinthambi chimene mumasankhapo mphamvu zowonjezera) kapena pa bolodi ya Paragon ya mu Diablo IV, ndiponso zida ndi zovala zimene mwavala. Zitatu zoyambazo mumasankha nokha, koma chachinayi chimadalira zimene gemu yakugwetserani kapena zimene mwakwanitsa kugula kwa anzanu. Apa ndi pamene sizoni imalowa m'nkhani. Ikayamba, aliyense amayambira pansi wopanda chida ngakhale chimodzi, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi wankhondo wanu amasamutsidwira ku Standard mu Path of Exile kapena ku Eternal Realm mu Diablo IV, komwe ndi malo osewerera osakhala a sizoni. Motero build ya sizoni ili ndi moyo wa masabata owerengeka, ndipo m'masabata amenewo imadutsa m'magawo anayi. Pali gawo lokwera malevulo mukutsatira nkhani ya gemu, gawo loyamba zolimba za kumapeto muli ndi zida zotolatola, gawo lokonza chida chimodzichimodzi, kenako gawo limene zonse zakwanira. Wosewera amene ali ndi ola limodzi kapena awiri patsiku amathera sizoni yake pa gawo lachiwiri ndi lachitatu. Mndandanda wa S, A ndi B umajambula lachinayi lokha.

Kuti muone kukula kwa zimene zimasiyidwa, taganizirani mmene ulendo umayendera mu Path of Exile. Nkhani yake ili ndi ma act (zigawo) 10. Mukagonjetsa Kitava, boss (mdani wamkulu) wa kumapeto kwa Act 5, resistance yanu yonse, yomwe ndi chitetezo chochepetsa kupweteka kwa zinthu monga moto, imatsika ndi 30 peresenti, ndipo mukamugonjetsanso mu Act 10 imatsikanso ndi 30 ina. Ndiye kuti mumalowa m'mapu, malo omenyera nkhondo a pambuyo pa nkhani ya gemu, muli ndi ngongole ya 60 peresenti pa moto, pa kuzizira ndi pa mphezi, pamene malire amene aliyense amafuna kufikapo ndi 75. Kusiyana kwake si kwamasewera. Chilombo chikamenya ndi moto wa 4,000, munthu wa resistance ya 75 amalandira 1,000, pamene wa 60 amalandira 1,600. Tsono pali ma build amene amafuna zida za unique (zapadera, zokhala ndi mphamvu zoikidwiratu) zinayi kapena zisanu, ndipo zambiri mwa izo zilibe resistance yokwanira. Mwini build yotereyi amayenera kupeza resistance yonse pa mphete ziwiri, lamba ndi nsapato, zomwe zikutanthauza zida zodula zimene sangazione m'sabata yoyamba. Build ina imavala zida wamba m'malo onse ndipo imatseka ngongole ija ndi zinthu zotola pansi n'kuwonjezerapo pa benchi yopangira zida. Pa tsiku lomaliza la sizoni onse awiri ali pa 75 ndipo mndandanda suona kusiyana kulikonse. Koma woyamba uja anakhala masiku ambiri akufa m'mapu a m'munsi pamene mnzake anali atapita kale.

Chimodzimodzinso ndi skill yeniyeniyo. Ma gem (timiyala topereka skill) ambiri amphamvu satheka kugwiritsidwa ntchito musanafike levulo 28, ma support (ma gem owonjezera mphamvu ya skill) ena amadikira 31 kapena 38, ndipo ma build ena sayamba kugwira mpaka mutamaliza mayeso otchedwa Labyrinth kangapo n'kupeza mfundo za Ascendancy (luso lapadera la mtundu wa wankhondo wanu), zomwe zonse pamodzi ndi 8. Amene akulemba ndemanga ayenera kunena kuti m'maola onsewo ankamenya ndi chiyani, anasinthira pa levulo iti, ndiponso kusinthako kunadya ma Orb of Regret angati, popeza iliyonse imabweza mfundo imodzi yokha. Nanga chovala cha six-link, chimene chimalumikiza ma gem 6 pamodzi? Tinene kuti support iliyonse ikuwonjezera mphamvu ndi 35 peresenti yochulukitsa. Awiri amene mulibe mukakhala ndi four-link (cholumikiza ma gem 4 okha) ndi 1.35 kuchulukitsa ndi 1.35, zomwe zikupereka pafupifupi 1.82. Ndiye kuti nambala imene mwaona pa vidiyo ili pafupifupi kawiri ya imene mudzakhale nayo musanapeze chovalacho. Build imene imayendabe bwino ndi four-link ndi yosiyana kotheratu ndi imene imakhala chigonere mpaka six-link itapezeka, ngakhale zonse zitathera pa nambala yofanana.

Tsopano timve a mbali inayo, chifukwa mfundo zawo si zopanda pake. Yoyamba, yomwenso ndi yamphamvu kuposa zonse, ndi yakuti nambala sinama. Iwo amati DPS, kuchuluka kwa kumenya pa sekondi imodzi, ndi chinthu choti aliyense angathe kuchiwerengera yekha, pamene mawu akuti "inkayenda bwino" kapena "inkatopetsa" ndi maganizo chabe a munthu mmodzi. Ngati tisiya nambala, akutero, ndemanga iliyonse idzasanduka kukometsera build imene wolembayo anaikonda. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo ine sindikunena kuti nambala zitayidwe. Vuto ndi lakuti DPS imene imaonetsedwa si imene imachitika pomenyana. Mu Path of Building, pulogalamu imene osewera a Path of Exile amawerengera ma build, muli timabokosi tambiri tochonga: ma flask (mabotolo a mankhwala) onse akugwira, ma charge (mphamvu zosakhalitsa) adzaza, mdani wagwidwa ndi shock, mdani ali ndi curse, mdani waima pafupi. Mukachonga tonse nambala imakwera kwambiri, koma pamaso pa boss monga Maven kapena Sirus zinthu zimenezi sizichitika nthawi imodzi kwa masekondi ambiri. Ma flask amatha chifukwa palibe tizilombo ting'onoting'ono towadzazira, ndipo ma charge ena amazima pa chifukwa chomwecho. Kuwonjezera apo pali nthawi imene mumatha kumenyadi. Build ya DPS ya 10 miliyoni imene imafuna kuti muime chilili kuti imenye, pamaso pa boss amene amakukakamizani kuthawa nthawi zambiri, mwina imamenya masekondi 4 pa 10 alionse, ndiye zenizeni zake ndi 4 miliyoni. Ina ya 6 miliyoni imene imapaka poizoni kapena moto n'kumapitiriza kuwononga inu mukuthamanga ikhoza kugwira masekondi 9 pa 10, ndiye zenizeni zake ndi 5.4 miliyoni. Nambala yaing'ono ija ndi imene yagwetsa boss msanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za build zimaoneka kwa amene wailuma kwa masabata, osati kwa woonera vidiyo ya mphindi zitatu.

Wina angayankhe kuti chabwino, tisiye DPS ya papepala, titenge zimene zinachitikadi, monga Greater Rift yapamwamba imene build inamaliza mu Diablo III kapena msinkhu wa Pit mu Diablo IV, omwe ndi mayeso othamangitsana ndi nthawi amene amalimbiralimbira mukamakwera. Izi n'zabwinopo, koma nazonso zimayankha funso lopapatiza. Greater Rift imakupatsani mphindi 15, ndipo odziwa amadziwa kuti zotsatira za pamwamba pa bolodi zimabwera munthu atatsegula ma rift ambirimbiri n'kumatuluka, kudikira kuti pagwe malo otakasuka okhala ndi zilombo zosavuta kuunjika. Zimene zalembedwa pa bolodipo ndi ulendo umodzi umene zonse zinagwirizana, pogwiritsa ntchito zida zimene zinasonkhanitsidwa ndi build ina yothamanga. Imeneyi ndi mfundo imene anthu amaidumpha kawirikawiri. Build yokwerera pamwamba ndi build yosakira zida nthawi zambiri si imodzi, ndipo maola ambiri a sizoni amathera pa yachiwiriyi. Ngati ina imamaliza mapu amodzi m'mphindi 3 ndipo ina m'mphindi 5, pa ola limodzi woyamba wachita mapu 20 pamene wachiwiri wachita 12. Pakatha sabata kusiyana kumeneku kwasanduka zida, ndipo zidazo zasanduka mphamvu imene mndandanda udzaitamanda ngati kuti inagwa kumwamba.

Pali chinanso chimene nambala ya kumenya siona n'komwe, chomwe ndi imfa. Mu Path of Exile, mukamaliza ma act onse, kufa kamodzi kumachotsa 10 peresenti ya XP (mapointi okwerera malevulo) yopitira ku levulo yotsatira. Pa levulo 80 zimenezi mumazibweza posachedwa, koma kupitirira 95 imfa imodzi ikhoza kufufuta ntchito ya maola. Mapu alionse ali ndi makomo 6 okha olowera, ndiye build imene imafa kawiri kapena katatu pa boss ikutaya mwayi umene inalipira ndalama. Ndemanga yothandiza sinena chabe kuti build ndi yolimba kapena yofewa, imanena chimene chimaipha. Armour imachepetsa bwino kumenya kwakung'onokung'ono kobwerezabwereza koma imafooka pa nkhonya imodzi yaikulu, motero build yodalira armour yokha imaoneka ngati mwala m'mapu n'kugwa kamodzi kokha pamaso pa boss. Evasion (kuzinda) imakupulumutsani ku nkhonya zambiri koma imene yadutsa imabwera yathunthu. Build ya Chaos Inoculation siopa mtundu wa kumenya wotchedwa chaos, koma moyo wake ndi 1 ndipo zonse zimatsamira pa energy shield (chishango chimene chimayamba kutha moyo usanakhudzidwe), choncho isanapeze zovala zabwino imakhala yopyapyala zedi. Zonsezi ndi zinthu zowerengeka. Amene akuopa kuti tikusiya nambala aone kuti ndikupempha nambala zambiri kuposa imodzi imene iwo akhutira nayo.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi yakuti kuunika build sizoni itatha kuli ngati kuyeza chovala cha mwana amene wakula kale. Patch yotsatira, kutanthauza zosintha zimene opanga gemu amatulutsa, idzasintha zonse, akutero, ndiye bwanji tivutike kulemba za ulendo umene sudzabwerezedwa? Apanso pali choona. Patch 1.1.0 ya Diablo IV, imene inatuluka mu July 2023 sizoni yoyamba itatsala pang'ono kuyamba, inachepetsa mphamvu za ma build ambiri mpaka osewera anadandaula kwambiri. Sizoni yachinayi mu 2024 inasintha kapangidwe ka zida ndi kubweretsa Tempering ndi Masterworking, ndipo Vessel of Hatred itafika mu October chaka chomwecho malire a levulo anatsika kufika pa 60. Koma taonani chimene patch imapha msanga. Imapha nambala ya pachimake, yomwe ndi chinthu chokhacho chimene mndandanda unasunga. Spiritborn, mtundu wa wankhondo umene unabwera ndi Vessel of Hatred, itangofika inkamenya manambala osayerekezeka ndi a ankhondo ena onse, mbali ina chifukwa cha zolakwika m'kawerengedwe ka gemuyo, ndipo zitakonzedwa, amene anangolemba kuti "S" analibenso chophunzitsa aliyense. Zimene zimapulumuka patch ndi khalidwe la build. Womenya ndi lupanga adzafunikabe kuyandikira mdani. Wodalira ma minion (zolengedwa zomumenyera nkhondo) adzavutikabe nawo akamathamangira chilombo cholakwika. Build imene mtima wake wonse uli pa chida chimodzi cha unique idzakhalabe pangozi tsiku limene chidacho chidzasinthidwe kapena kusowa. Ndiponso lamulo la masamu silisintha ndi patch. Mu Path of Exile mawu akuti "increased" amaphatikizidwa pamodzi pamene "more" amachulukitsa: ngati muli ndi 1,000 ndi 400 peresenti increased, muli pa 5,000, kuwonjezera 50 peresenti increased kumakufikitsani pa 5,500, koma 50 peresenti more kumakufikitsani pa 7,500. Ndemanga imene inafotokoza kuti build inaima pa sabata yachiwiri chifukwa mwini wake ankangounjika increased, ndipo inayambanso kuyenda atapeza more wina, idzathandiza munthu ngakhale skill imeneyo itachotsedwa m'gemu.

Mfundo yachitatu ndi yachidule kuiyankha. Ena amati kukoma kwa build ndi nkhani ya mtima wa munthu, ndipo za mtima siziweruzidwa. N'zoona kuti wina amakonda kudumphira pakati pa zilombo pamene wina amakonda kuponya mivi ali patali, ndipo palibe wolakwa. Koma zimene zimachititsa munthu kusiya build pakati pa sizoni zimatha kutchulidwa bwinobwino. Imafuna mabatani angati pa masekondi 10 alionse? Kodi muyenera kudina ma flask onse 5 mobwerezabwereza kuti mukhale ndi moyo? Kodi skill imamenya pomwepo kapena pamadutsa kamphindi chilombo chisanagwe? Kodi kuwala kwa skill kumaphimba pansi mpaka simuona moto umene mwapondapo? Kodi mana imatha pakati pa nkhondo? Wolemba akanena zimenezi sakukakamiza wowerenga kukonda zimene iye amakonda. Akumupatsa zoti aziyeze ndi manja ake. Build ya mabatani 6 imasangalatsa pa ola loyamba, koma pa ola la 80 dzanja limayamba kulankhula, ndipo zimenezi amazidziwa ndi amene anafikako yekha.

Mfundo yachinayi ndimaipatsa ulemu kwambiri chifukwa imachokera pa kuganizira ena. Imati wosewera watsopano amene waona mtengo wa ma passive wa Path of Exile, wokhala ndi mfundo zoposa 1,300, safuna nkhani yaitali. Akufuna wina amuuze kuti sewera iyi, basi. Ndikuvomereza kuti akufunika yankho lachidule. Chimene ndikukana ndi chakuti yankho lachidulelo lichokere pa nambala ya tsiku lomaliza, chifukwa watsopano ndi amene mndandanda wotero umamupweteka kuposa wina aliyense. Iye sadziwa kuti build ili pa S chifukwa mwini wake wavala lamba monga Mageblood kapena Headhunter, zinthu zimene zimagwa mwa apo ndi apo ndipo mtengo wake ndi ma Divine Orb (ndalama ya m'gemu yamtengo wapatali) ochuluka. Sadziwanso kuti build ikatchuka, aliyense amathamangira zida zomwezo, mtengo wake n'kukwera, ndiye build imene inali yotchipa pamene woiyambitsa ankaipanga imakhala yodula pamene iye akufika pamsika. Amatsatira mtengo wa ma passive mfundo ndi mfundo, n'kufika m'mapu ndi wankhondo amene samenya komanso salimba, kenako amaganiza kuti vuto ndi iye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kwa wosewera wa sizoni fodya wa pamphuno ndi zida zimene angathe kuzipeza m'masiku ake oyamba. Yankho lachidule loona lingakhale lakuti: build iyi imayenda ndi zida zotola pansi mpaka mapu apakati, imafuna chida chimodzi ichi kuti ipitirire, ndipo imavutika pa boss uyu. Ndi ziganizo zitatu zokha, zosatalika kuposa mndandanda, koma sizingalembedwe ndi munthu amene sanayende ulendowo.

Pamenepa m'pofunika kuwonjezera kuti build imodzimodzi imasintha mtengo wake malinga ndi malamulo amene mukusewerera. Mu Solo Self-Found simugula kanthu kwa munthu, ndiye build yodalira chida chosowa ikhoza kusatheka sizoni yonse. Mu Hardcore imfa imodzi imachotsa wankhondo wanu mu Hardcore momwemo, motero build yofa kamodzi pa mapu 30 alionse, imene kwina ingatchedwe yolimba ndithu, kumeneko ndi yosayenera kuiyamba n'komwe. Last Epoch, imene inatuluka yathunthu mu February 2024, inaika kusankha kumeneku poyera ndi magulu awiri: Merchant's Guild ya ogula ndi kugulitsa, ndi Circle of Fortune ya odzisakira okha. Chilembo chimodzi cha S kapena B sichingakhale choona kwa anthu onsewa nthawi imodzi.

Yachisanu ndi imene imanenedwa ndi olemba ndemanga eni ake, ndipo ndi yoona mtima. Amati palibe munthu amene angasewere ma build 20 kuyambira pansi mpaka pamwamba m'miyezi itatu, ndiye amene wasewera atatu kapena anayi akuweruza ndi umboni wochepa, womwenso wadzala ndi mwayi. Wina chida chofunika chinamugwera pa tsiku lachiwiri, wina sanachione mpaka sizoni kutha, nanga ndemanga zawo zingagwirizane bwanji? Sizingagwirizane, ndipo sizikuyenera kutero. Koma taonani kuti vuto lomweli lili ndi wolemba mndandanda wa ma build 20, amenenso sanawasewere onse, kungoti iye sanena. Ndi bwino kumva za ma build atatu kwa munthu amene anakhala nawo kusiyana ndi kumva za 20 kwa amene anaonera mavidiyo a anzake. Ndipo mwayi suwononga ndemanga ngati watchulidwa. Wolemba anene kuti chida chakuti chinabwera pa tsiku lakuti, chisanabwere build inkafika apa, chitabwera inafika apa. Akatero wowerenga waona mbali zonse ziwiri, ndipo akhoza kuwerengera yekha mmene zingamuyendere ngati mwayiwo sumufikira.

Izi zikutanthauza kuti ndemanga yabwino imayamba kulembedwa sizoni ikuyenda, chifukwa pofika kumapeto munthu amakumbukira masiku okoma n'kuiwala sabata imene ankalephera kudutsa. Zoti asunge si zambiri. Alembe maola amene anatenga kuti amalize nkhani ya gemu ndi skill imene anagwiritsa ntchito. Alembe moyo, resistance ndi DPS pa nthawi zitatu kapena zinayi, mwachitsanzo polowa m'mapu oyamba, pofika mapu a tier (msinkhu) 11 pamene mapu ofiira, omwe ndi ovuta, amayambira, ndi pofika tier 16, ndipo DPS imeneyo ikhale yopanda timabokosi tongochitika mwa kamphindi. Alembe khoma loyamba limene build inagunda ndi chimene chinaligwetsa, kaya ndi chida, kaya ndi kusintha mfundo 10 pa mtengo wa ma passive, kaya ndi kuphunzira mmene boss amamenyera, pakuti chomalizachi si mphamvu ya build koma ya wosewera ndipo ziyenera kusiyanitsidwa. Alembe ndalama zimene anawononga ndi sabata imene anagula, chifukwa mitengo ya sabata yoyamba ndi ya mwezi wachiwiri sizifanana. Atchulenso ma modifier (malamulo owonjezera) a mapu amene build yake singathe kulowamo: ya moto kapena mphezi imadzipha yokha pa mapu obweza elemental damage, yodalira kuyamwa moyo imafooka pamene leech yaletsedwa, ndipo Righteous Fire, imene imawotcha mwini wake nthawi zonse, singapirire pamene regeneration yazimitsidwa. Mapu alionse amene muyenera kuwasinthanso musanalowe ndi ndalama ndi nthawi, ndipo build yokana ma modifier anayi ndi yodula kuiyendetsa kuposa yokana imodzi.

Koposa zonsezi, wolemba anene ngati build inali yoyamba ya sizoni kapena yachiwiri, chifukwa apa ndi pamene ndemanga zambiri zooneka zoona zimasocheretsa popanda kunama. Wankhondo wachiwiri amabadwira m'chuma. Amavala zida zokwezera malevulo kuyambira pa levulo 1, amapeza six-link ikumudikira m'bokosi, ma gem ake anakwezedwa kale, ndipo Atlas, chithunzi cha mapu onse, inatsegulidwa kale ndi wankhondo woyamba uja. Amadutsa gawo loyamba ndi lachiwiri ngati mphepo, ndiye mwini wake amalemba ndi mtima wonse kuti build iyi ilibe vuto. Sakunama, koma magawo awiri amene akanaonetsa vutolo sanawaone. Wowerenga akaitenga n'kuyamba nayo sizoni yotsatira alibe kanthu, amakumana ndi build ina yosiyana ndi imene anawerenga, ngakhale dzina ndi mtengo wa ma passive zili zomwezo. Motero pamene munthu akuika ma build ake atatu kapena anayi pa sikelo kumapeto kwa sizoni, woyamba uja ayesedwe ndi funso lakuti anamufikitsa pati ali wosauka, ndipo otsatirawo ayesedwe ndi funso lina, lakuti ndalama zimene anathiramo zinabweza chiyani poyerekeza ndi kuzithira mwa woyambayo. Kawirikawiri yankho la funso lachiwirili limadabwitsa, chifukwa ma Divine Orb amene anamanga wankhondo watsopano akanatha kugulira wakale uja six-link yabwino ndi chida chomenyera, n'kumufikitsa pa boss yemweyo sabata imodzi m'mbuyo.